Galu wa Malemu Achimwene

Zaka zimene ndikufuna kunenazi sindinaziwerenge bwino. Ndimangodziwa kuti zinayamba ndi maliro, ndipo kuchokera pamenepo misewu yonse inkafanana: fumbi lofiira, mtengo pamphambano, ndi munthu wokhala pamthunzi wake wondifunsa funso limodzimodzi.

Achimwene anga anamwalira kumudzi kwa akazi awo, kumene anali mkamwini. Patapita mwezi, ife akuchimuna tinapita kukatenga katundu wawo monga mwa mwambo. Amalume anatenga njinga. Asuweni anagawana makasu, nkhwangwa ndi jekete. Ine ndinali nditangomaliza kumene maphunziro a ku koleji, ndipo anthu anaona kuti kundipatsa khasu kukhala ngati kundinyoza. Alamu anga, a Nachisale, anapita kuseri kwa nkhokwe n'kubwerako akukoka galu pachingwe cha khonje.

"Uyu ndi wanu, alamu," anatero. "Akulu anu ananena okha akudwala. Anati galuyu apite kwa mng'ono wanga, mwina adzakhala ndi womulankhula."

"Adzakhala ndi womulankhula ndani, ine kapena galuyo?"

"Izo sananene. Dzina lake ndi Gologolo. Musamutaye. Pa zonse zimene asiya, ndi ichi chokha chimene anatchulapo dzina la munthu."

Tsono ine agalu ndinkawadziwa, kapena ndinkayesa choncho. Ku koleji ndinalemba masamba makumi anayi onena za agalu a m'mabuku a kumaiko ozizira, kumene mitsinje imaundana mpaka munthu kuyendapo. Agalu a m'mabukuwo alibe nkhupakupa. Amaganiza ngati oweruza milandu, amakumbukira makolo awo a kuthengo, ndipo akayang'ana phiri, phirilo limakhala ndi tanthauzo. Wolemba amalowa m'mutu mwa galu n'kukhazikikamo ngati mwini nyumba, wowerenga n'kuiwala kufunsa kuti walowera khomo liti. Ine ndinafunsa funsolo m'masamba anga, aphunzitsi n'kundiyamikira. Koma mtima wanga unakhulupirira mabukuwo kuposa funso langa lomwe.

Tinayenda pa lole masiku awiri. Tsiku lachitatu masana, lole inafera pamphambano ina m'mphepete mwa nkhalango. Anthu anatsika kukafuna mthunzi, nanenso ndinatsika ndi galu wanga. Ndinayang'ana chingwe chija n'kuchita nacho manyazi. Ndinati galu weniweni satsata munthu chifukwa cha khonje. Ndinamupatsanso dzina lina, Namondwe, pakuti Gologolo silinkamveka ngati dzina loyenera kulowa m'buku. Kenaka ndinamasula mfundo, n'kuyenda mapazi khumi osacheuka, kuti anditsate mwa kufuna kwake.

Nditacheuka, ndinapeza ndatsala ndi chingwe.

Lole itadzuka inapita popanda ine. Ndinatumiza uthenga kwa alamu kudzera mwa munthu wina wogulitsa mchere, kufunsa mozungulira ngati kumudziko kunaonekako galu wachilendo. Yankho linandipeza patapita miyezi. Anati sikunabwere galu aliyense, ndipo alamu akufunsa ngati Gologolo akudya bwino. Pamenepo ndinadziwa kuti sindingakaonekere pamaso pawo chimanjamanja. Galu amakhala zaka khumi, akachita mwayi khumi ndi ziwiri. Gologolo anali ndi ziwiri kapena zitatu. Masamu ake anali osavuta, ndipo ndinkawachita m'mawa uliwonse.

Malo oyamba kumene ndinakhalitsa inali tauni ya mipanda yaitali ndi mageti achitsulo. Kumeneko kunali munthu wolemba zikwangwani, a Chikaonda, amene zala zawo zinali ndi mitundu yonse ya utoto kupatula mtundu wa khungu. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusungunula utoto m'chitini.

"Ndi wotani galuyo?" anandifunsa.

"Ndi wamkulu, wa chifuwa chotakata," ndinatero. "Maso ake amaoneka ngati akukumbukira zinthu zakale kwambiri. Saopa kanthu. Panopa ayenera kuti akutsogolera anzake m'nkhalango."

"Mtundu wake?"

"Ngati moto ukamazima."

"Ndiye wofiirira, aphunzi. Onse ndi ofiirira. Gwirani lata ili, ndikujambulireni."

Anandijambulira galu wanga pa lata, ndipo ine nditamuona ndinamuzindikira nthawi yomweyo, ngakhale ndinali ndisanamuonepo pena paliponse kunja kwa mutu wanga. Tinalemba pansi pake kuti WASOWA, n'kukhomera latalo pakhomo la msika.

Podikira uthenga, ndinaphunzira ntchito. A Chikaonda ankajambula agalu a pamageti, ochenjeza akuba.

"Galu wa pageti umayamba ndi mano," ankatero. "Thupi limabwera pambuyo, ngati malo atsala."

Tsiku lina tinakakhoma chikwangwani panyumba ina, chilombo cha malovu ndi maso ofiira. Geti litatseguka kunatuluka kagalu kofanana ndi mphaka, kakutsokomola. Ndinayang'ana a Chikaonda.

"Musandiyang'ane choncho, aphunzi. Sitijambula galu amene ali mkatimo. Timajambula galu amene mwini nyumba akufuna kuti wakuba amulote."

Ndinaseka, osazindikira kuti mawuwo akundikhudza. Dzanja langa linazolowera. Pofika mvula yachiwiri ndinkatha kujambula mano khumi ndi awiri osadukiza mpweya.

Anthu ankabwera ndi nkhani. Wina anamuona galu wanga akudumpha mtsinje. Wina anamumva akulira kuphiri. Kenaka mbuzi zinayamba kusowa kumalire a tauni, ndipo anthu anakumbukira lata la pamsika lija. Anati chilombo chija chabwera. Tsiku lina m'mawa amuna asanu anafika pamtengo wa mango akukankha wilibala. Munali galu wamkulu, wakufa, mutu utalendewera kunja.

"Ndi uyu?" anandifunsa, akupumira m'mwamba, mokondwa ngati anthu obweza chikwama chotayika.

Kumbuyo kwawo kunkabwera mwini galuyo, telala wina wachikulire, tepi yake ili m'khosi. Sanakalipe. Anaimirira pafupi ndi wilibala, n'kukweza mutu wa galuyo kuti usalendewere.

"Kukula kokha," anatero. "Ankathawa ngakhale thadzi la anapiye. Ankagona pansi pa makina anga, ine n'kumaponda mopewa mchira wake."

Ndinakazula lata lija tsiku lomwelo. A Chikaonda analipaka utoto woyera, chifukwa lata silitayidwa, ndipo ine ndinanyamuka.

Ndinati ngati galu wanga ali m'nkhalango, ndiyenera kuphunzira kuwerenga nkhalango. Ndinayenda mpaka mudzi wina wa m'tsinde mwa mapiri, kumene amuna ankapitabe ku uzimba udzu ukapsa. Mlenje wamkulu kumeneko anali a Kamtedza, munthu wamfupi wolankhula akuyang'ana pansi, osati mwa ulemu koma chifukwa pansi ndi pamene pankakhala nkhani. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa kachere akunola mkondo.

"Ndi wotani galuyo?"

"Ndi wamkulu ndithu," ndinatero. Za maso okumbukira zakale ndinazisiya. "Saopa kanthu. Ndikuganiza kuti anabwerera kuthengo."

"Akamathamanga, phazi lakumbuyo limagwera m'phazi lakutsogolo, kapena pambali?"

"Sindinaone."

"Akamamwa, amalowetsa mapazi m'madzi?"

"Sindinaone."

"Munakhala naye masiku angati, mwana wa sukulu?"

"Atatu."

"Ndiye masiku atatuwo munkayang'ana chiyani?"

"Ndinkawerenga."

A Kamtedza anayesa mkondo ndi chala, n'kunena kuti kuli ntchito yonyamula madzi ndi ukonde ngati ndikuifuna.

Ndinakhala nawo nyengo ziwiri za lupsa. Anandiphunzitsa phazi la gwape ndi la insa, la nguluwe limene limakumba ngati khasu la mlesi, la fisi limene lakutsogolo limakula kuposa lakumbuyo. Ndinakonda ntchitoyi, pakuti inali ngati ndagi zolembedwa pafumbi, ndipo ndagi iliyonse inali ndi yankho lake loyenda ndi miyendo inayi. Tsiku lina tili mkati mwa nkhalango anaima n'kulemba mzere pansi ndi chala cha kuphazi.

"Apa ndi pothera fungo la utsi wa kumudzi. Kuyambira apa kupita uko, simudzaona phazi la galu lopanda phazi la munthu pambali pake. Galu akasokera safuna nkhalango. Amafuna dzala."

Ndinawafotokozera zimene mabuku amanena, kuti m'magazi mwa galu muli makolo ake akuthengo, ndipo tsiku lina amamuitana.

"Makolo a galu?" anatero, akuloza galu wawo wamkazi, Nthenga, amene ankadzikanda khutu. "Amake a uyu ali kumudzi uko, akuba mazira. Akamuitana ndiye kuti apeza chisa."

Nthengayo anafa nyengo yachiwiri. Nguluwe inatulukira mbali imene sitinkayembekeza n'kumung'amba pamimba. M'mabuku anga galu amafa ataimirira pakati pa mbuye wake ndi chilombo, ndipo pomaliza amayang'ana mbuyeyo m'maso. Nthenga sankateteza aliyense, anangopezeka panjira ya nguluwe. Anagona chammbali n'kumayesa kunyambita bala limene lilime lake silinkafikapo. Sanayang'ane munthu. Ndinadikira kuti a Kamtedza anene mawu oti ndidzawakumbukire. Anapatsa mnzawo mkondo, n'kumusenza galuyo pamapewa ngati mbuzi, ndipo tinayenda mpaka dzuwa kupendeka. Panjira yonseyo analankhula kamodzi.

"Walemera," anatero.

Chaka chimenecho sanapitenso ku uzimba, ndipo ine ndinalibe wonyamulira ukonde. Ndinatsika m'mapiri ndikudziwa mapazi a nyama zonse kupatula imodzi.

Tsopano ndinayamba kufuna kumadzala, kuseri kwa misika ndi kwa malo ophera ng'ombe. M'tauni ina ya fumbi ndinakumana ndi gulu la anthu obaya agalu katemera wa chiwewe, oyenda mudzi ndi mudzi pa galimoto yokhala ndi chimkuzamawu. Ndinaganiza kuti palibe malo abwino odikirira galu kuposa pamene agalu onse amabweretsedwa. Mkulu wa gululo anali a Mtambalika, munthu wa magalasi ndi zipsera m'manja monse. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa bulugama, atayala mapepala patebulo.

"Ndi wotani galuyo?" anandifunsa, cholembera chili m'manja.

"Wofiirira. Wamwamuna. Panopa zaka zisanu ndi ziwiri, mwina zisanu ndi zitatu."

"Mwafotokoza theka la agalu a dziko lino, bambo. Mumatha kugwira galu?"

Anandiphunzitsa. Dzanja limodzi pachikopa cha pakhosi, bondo pachiuno, nkhope yako kutali. Pepala lawo linali ndi mipata itatu yokha: mtundu, mwamuna kapena mkazi, zaka. Poyamba ndinalinyoza pepalalo, ine amene ndinalembapo masamba makumi anayi. Pambuyo pake ndinaona kuti m'mipata itatuyo munalibe malo a bodza, ndipo ndinayamba kulilemekeza.

Agalu anadutsa m'manja mwanga ambirimbiri, onjenjemera, okodza ndi mantha, ena ongogonja ngati thumba. Aliyense ndinkamunong'oneza m'khutu kuti Gologolo, ndipo aliyense ankagwedeza khutulo chimodzimodzi. Galu akabayidwa tinkamupaka utoto wabuluu pachipumi. Pakatha sabata kunkabwera anthu a mfuti, ndipo galu aliyense woyendayenda wopanda buluu ankawomberedwa.

Apa masamu anga a m'mawa anasintha. Ndinaona kuti galu wanga alibe womubweretsa patebulo. Ndiye masana, anzanga akamapuma, ndinkatenga chitini cha utoto, kansalu komanga kunsonga ya bango, ndi usipa m'thumba, n'kupita kumadzala. Agalu osowa mwini sagwirika, koma amayandikira usipa mpaka kutalika kwa bango. Ndinkawadinda buluu onse ofiirira. Kenaka ndinayamba kudinda ndi akuda omwe, chifukwa ankandiyang'ana.

A Mtambalika anazindikira chifukwa utoto unkatha msanga kuposa mankhwala. Ananditsatira tsiku lina n'kundipeza bango lili m'manja.

"Mwadinda angati?"

"Sindinawerenge."

"Midzi ingati?"

"Kuyambira kumlatho kuja."

Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Sanakweze mawu.

"Bambo, utoto si mankhwala. Mwana akalumidwa ndi galu wa buluu, amake amatsuka balalo ndi sopo n'kubwerera kumunda. Sapita naye kuchipatala, chifukwa buluuyo ndi mawu athu. Inu mwayenda midzi khumi ndi iwiri mukunama m'dzina langa."

Tinabwerera m'midzi yonseyo. Chimkuzamawu anandipatsa ine, kuti ndinene ndekha kuti buluu wa chaka chino asakhulupiriridwe, wolumidwa aliyense athamangire kuchipatala, ndipo agalu a eni ake abwerenso adzapakidwe utoto wofiira. A kumadzala aja analibe wowabweretsa. Buluu amene ndinawapaka ndi amene anathandiza a mfuti kuwaona patali. Ndinkamva kulira kwa mfuti kuseri kwa zitunda tikamachoka pamudzi, ndipo ndinasiya kuchita masamu. Mwana wolumidwa sitinamve, koma sindinganene kuti kunalibe. Titamaliza mudzi wakhumi ndi chiwiri ndinabweza chimkuzamawu, a Mtambalika anachilandira, ndipo sitinatsanzikane.

Za zaka zotsatira ndikumbukira zochepa. Ndinaumbako njerwa, ndinapalasako kabaza, ndinalemberako anthu makalata pakhonde la positi. Ndinasiya kuuza anthu chimene ndikufuna, motero anasiya kundifunsa. Ndinkangoyang'ana agalu. Ndinaona kuti wina amazungulira katatu asanagone, wina kawiri. Wina amadya ataimika mchira, wina ataupinda. Zimenezi sizinkandithandiza kanthu, pakuti ndinalibe chozifanizira nacho.

Nyengo ina yachilimwe ndinafika pamudzi wa m'mbali mwa msewu, pamene mbiya zinandandalikidwa pansi pa mtengo wa mthethe. Woumba wake anali mayi wina wamasiye, a Nanthambwe. Kuumba ndi ntchito ya amayi, motero ine anandipatsa yokumba dothi kumtapo ndi kutola makungwa ootchera. Anandiphunzitsanso kugogoda mbiya ndi chala n'kumvetsera.

"Yabwino imalira ngati belu," ankatero. "Yong'aluka imalira ngati munthu wa chimfine. Maso amanamizidwa, bambo. Gogodani."

Pamalo ootchera mbiya, phulusa likazizira pang'ono, pankagona galu wokalamba. Anali wofiirira pamene phulusa silinafike, wa imvi kukamwa, maso ake ngati madzi otsukira mpunga. A Nanthambwe ankamutchula Phulusa. Ndinakhala naye pabwalo limodzi miyezi iwiri osaganiza kanthu. Tsiku lina tikupanga mulu wa makungwa, mayiwo anamukankha pang'ono ndi phazi kuti asapse.

"Uyunso anabwera ngati inu," anatero. "Anatulukira kumsewu, nthiti zili pamtunda, khosi lili ndi mkwingwirima wa chingwe. Chaka cha ntchemberezandonda."

Makungwa anandigwa m'manja. Achimwene anamwalira chaka cha ntchemberezandonda. Koma mbozizo zinabweranso kawiri chichokereni, ndipo mudzi uliwonse uli ndi chaka chake chimene umachitcha choncho. Ndinakhala pansi n'kuwauza a Nanthambwe zonse, kuyambira kuseri kwa nkhokwe mpaka kumidzi khumi ndi iwiri. Anamvetsera akusalaza khosi la mtsuko ndi chitsononkho.

"Ndi wotani wanuyo?" anafunsa.

"Sindidziwa, mayi."

Aka kanali koyamba kuyankha funsolo popanda kunama, ndipo yankholo linali lalifupi kuposa onse.

Ndinagwada pafupi ndi galuyo n'kuitana kuti Gologolo. Sanagwedeze ngakhale khutu.

"Musadzivute," anatero a Nanthambwe. "Makutu anatha dzinja lapitalo. Ngakhale mphenzi samva, mwayi wake, poti ndi chimene ankaopa kwambiri. Ngati ndi wanu mtengeni. Ndikubwerekani dengu, sangayende mpaka kumsewu."

"Ndiuzeni za iyeyu," ndinatero.

"Ndinene chiyani? Ndi galu. Sadya munthu akumuyang'ana, umayenera kutembenuka. Amadana ndi njinga koma ngolo alibe nayo mlandu. Anaswapo miphika isanu ndi umodzi, yonse yaiwisi, pothawa bakha. Akalota amathamanga ndi mwendo umodzi wokha, wakumanzere. Chala chimodzi chakumbuyo chilibe chikhadabo, anabwera choncho. Sanagwirepo ngakhale mbewa. Wakuba atabwera kuno chaka china, anamuperekeza mpaka kumsewu akugwedeza mchira. Mwamuna wanga atamwalira, anthu atabalalika, iyeyu ankabwera n'kutsamira msana wake pa mwendo wanga, osandiyang'ana, ngati wangotsamira chipupa. Sindidziwa ngati chinali chisoni kapena kuzizira. Kunali kuzizira ndithu mwezi umenewo."

Analankhula mpaka mthunzi wa mthethe unafika pamsewu. Sananenepo n'kamodzi komwe zimene galuyo amaganiza.

"Ndi wanu, mayi," ndinatero.

"Izo ndikudziwa. Sindinafunse kuti ndi wa yani. Funso n'lakuti ndi yemweyo kapena ayi."

Ndagi imeneyo ndinalibe yankho lake, koma tsopano ndinali ndi zofanizira: chikhadabo, bakha, mphenzi, mwendo wakumanzere. Ndinaganiza kuti padziko pali munthu mmodzi amene angazimve n'kunena inde kapena ayi, ndipo anali munthu yemweyo amene ndinakhala ndikumuthawa zaka zonsezi. Ndinawathandiza a Nanthambwe kuotcha mbiya zomaliza za chilimwecho. Pochoka ndinaika dzanja pamsana wa Phulusa. Unali wofunda, ndipo iye sanadzuke.

Mudzi wa alamu ndinaupeza utasuntha pang'ono, monga imachitira midzi munthu akachokapo nthawi yaitali. Nkhokwe ija panalibe. A Nachisale anali pakhonde akusenda mtedza m'lichero, tsitsi lawo litachita imvi m'mbali. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, kenaka kumbuyo kwanga, pamene pakanayenera kukhala galu.

"Mwafika, alamu," anatero. "Tinkamva kuti muli ku boma, ena ankati kunja."

Ndinakhala pansi, osati pampando umene anandilozera. Ndinawauza kuti galu uja ndinamutaya tsiku lachitatu. Ndinawauza kuti sanadule chingwe, ndinamumasula ndekha, chifukwa cha zimene ndinawerenga. Manja awo anaima pang'ono m'lichero, kenaka anapitiriza.

"Ndinadziwa tsiku limene anabwera wamchere uja," anatero. "Munthu amene galu ali naye safunsa ngati kwaoneka galu. Ndinati ndifunse za kudya kwake, mwina mudzachita manyazi n'kubwera. Sindinadziwe kuti manyazi anu amayenda chobwerera m'mbuyo."

"Ndapeza wina amene angakhale iyeyo. Ndabwera kuti mundiuze. Gologolo anali ndi chala chopanda chikhadabo?"

"Chala cha galu, alamu?"

"Ankaopa mphenzi? Abakha? Akalota ankathamanga ndi mwendo uti?"

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Ine galuyo ndinkangomuthamangitsa kukhitchini. Ndikudziwa kuti anali wofiirira, ndipo ankaba. Amene ankamudziwa ndi akulu anu. Ankamuchotsa nkhupakupa Lamulungu lililonse pochoka kutchalitchi, asanavule n'komwe jekete. Mukanawafunsa iwo, akanakuuzani ndi zala zomwe."

"Ndinamuitana dzina lake, koma ndi wogontha tsopano."

"Akanakhala wakumva sakanabwerabe. Dzina lija linali la ife, lomukalipira. Akulu anu ankamuitana ndi likhweru, lawolawo, lokwera kawiri n'kutsika. Ine ndinayesapo atamwalira, silinatuluke bwino. Linapita nawo."

"Achimwene ankaimba likhweru?"

A Nachisale anasiya mtedza n'kundiyang'ana.

"Tsiku lonse. Kudimba, panjinga, ngakhale pamaliro ankayenera kudziluma milomo. Anthu kuno ankadziwa kuti abwera asanawaone. Simunkadziwa?"

Sindinkadziwa. Achimwene anachoka kwathu ine ndili wamng'ono, ndipo pambuyo pake ndinali kusukulu zogonera komweko. Ndikawaganiza ndinkaona munthu wamtali, wamphamvu, wosalankhula, woyang'ana kutali ngati akukumbukira zinthu zakale. Ndinakhala pakhondepo n'kumufunafuna munthuyo m'mutu mwanga, kuti ndione pamene ndinamuonera, ndipo sindinapapeze.

Nkhuku inabwera kudzatola makoko. Panalibe amene anaiingitsa.

"Alamu," ndinatero, "nanga iwowo anali otani?"

Poyamba ndinayesa kuti funsolo lawapweteka. Kenaka anakankha lichero kuti likhale pakati pathu.

"Anali wamfupi," anatero. "Sendani. Ndiyambira pamenepo."